Utuchi pa Mizere Yoyera

Kodi ndani adamuchotsa telala pamizere yoyera yowolokerapo anthu, n'kukamugoneka mapazi khumi ndi asanu kumunsi kwa msewu? Tangolotani. Sajeni wa polisi ya pamsewu adayenda nalo funso limeneli kwa masiku awiri, ndipo pafupifupi aliyense amene adamufunsa adali ndi bala.

Lolemba lina m'mawa, anthu akuthamangira kuntchito, lole yonyamula simenti idagunda telala akupita kushopu kwake. Madokotala adamudula mwendo wamanja pamwamba pa bondo, mwendo womwe ankapalasira makina osokera. Lamulo lake n'losavuta: galimoto ikagunda munthu ali pamizere, wolakwa ndi dalaivala, ndipo kampani ya inshuwalansi imalipira chipukuta misozi chonse. Koma wapolisi amene adayamba kufika pamalopo adapeza telalayo ali thapsa patsinde pa mtengo wa magetsi, kutali ndi mizere. Pamizerepo padalibe ngakhale dontho limodzi la magazi.

Lachitatu la sabata yotsatira, mkazi wa telala adalowa mu ofesi ya Sajeni. Adakhala m'mphepete mwa mpando, n'kuika pepala patebulo ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha.

"A inshuwalansi akuti ndisaine apa pofika Lachisanu," adatero. "Akuti bambo anawoloka ngati nkhuku, pamalo osayenera, ndiye cholakwa n'chawo. Kamene akufuna kutipatsa sikangagule ngakhale mwendo woikirira. Mayi Sajeni, bambo amene aja, msewu ungakhale wopanda ndi galu yemwe, amayenda mpaka akapeze mizere. Ana amawaseka kuti amaopa ndi wilibala yomwe."

"Loya wanu akuti bwanji?"

"Akuti tipeze munthu mmodzi yekha, amene anawachotsa pamsewu. Angonena kuti, 'Ndinawatola pamizere.' Basi, mlandu watikomera."

"Nanga munthu wachifundo choteroyo akubisaliranji?"

Mayiyo adayang'ana kukhomo, kenaka adatsitsa mawu. "Akuopa alamu anga."

Sajeni adamudziwa mlamuyo. Adali mkulu wake wa telala, mwini butchala ya pangodya ya msewu womwewo, chimunthu cha khosi ngati la nkhunzi. Anthu adamutcha Nkhwangwa, ndipo sadamutche dzinalo chifukwa cha ntchito yokha.

"Tsiku la ngozi dokotala anatiitana tonse," mayiyo adapitiriza. "Anati mwendo ukanatha kupulumuka, koma wina anawakoka bambo atagwira mwendo wothyokawo, mafupa n'kung'amba mnofu wonse. Alamu sanadikire kuti dokotala amalize. Anamenya chitseko ndi chibakera mpaka galasi linayoyoka, n'kulumbira pamaso pa anthu kuti dzanja limene linakoka mng'ono wawo adzalidula ndi chikwanje chodulira mafupa. Tsopano msewu wonse wasoka pakamwa. Mukanakhala inu, mukanalankhula?"

"Iwowo anali kuti nthawi ya ngoziyo?"

"Akuti anali kophera ng'ombe. Koma kuchipatala anandiyambira kufika. Ukali ali nawo, koma mng'ono wawo amamukonda. Anamulera okha makolo atamwalira, makina osokera oyamba anamugulira ndi iwo."

"Musasaine," adatero Sajeni akutenga chipewa. "Ndipatseni mpaka Lachisanu lomwelo."

*

Dalaivala wa lole adali gone m'wodi ya amuna, nsagwada zitamangidwa ndi waya, chifuwa chitakulungidwa ndi mabandeji. Mawu ake ankatulukira m'mipata ya mano.

"Munamugundira pati?" Sajeni adafunsa.

"Sindikukumbuka."

"Simukukumbuka, kapena abwana anu akuuzani kuti musakumbuke?"

Dalaivala adatsinzina. "Ndili ndi ana anayi, mayi. Ndinangomva phu. Nditatsika ndinaona anthu akutola miyala, ndiye ndinaliyatsa liwiro kulowera kumlatho. Msewu wonse unanditsata, ogulitsa, odutsa, ndi amayi a ana kumbuyo omwe. Anandigwirira m'ngalande. Wina anandidumphira panthiti ndi mapazi onse awiri, wina anandiswera njerwa pamutu. Ndinkamva mafupa anga akuthyoka ngati nkhuni zouma. Apolisi akanachedwa pang'ono, tayala linali litafika kale, petulo ali m'njira."

"Kotero pamene anthu ankakumenyani, wovulalayo anatsala yekha."

"Ndani ankamuganizira? Aliyense ankafuna gawo lake pa ine."

"Nsagwadazi anathyola ndi omwewo?"

"Izi n'za mawa lake. Mkulu wake wa telala uja analowa muno nthawi yoona odwala. Anazula chitsulo chokolekapo diripi, n'kunditchaya nacho apa. Mano awiri ndinameza. Akuti ineyo ndinatuma munthu kuti akoke mng'ono wake n'cholinga choti mlandu undichoke. Ndikanatuma nthawi yanji, ndili m'ngalande?"

"M'gulu lokuthamangitsanilo iyeyo analimo?"

Dalaivala adayesa kuseka, ululu n'kumugwira pachifuwa. "Akanakhalamo, bwenzi pano mukufunsa mtembo."

*

Moyang'anizana ndi mizere ija pankakhala wosoka nsapato, mkulu wa ng'ala m'maso onse awiri, amene ankasoka ndi zala osati ndi maso. Bokosi lake la zipangizo lidali lophwanyika mbali imodzi, ndipo mlomo wake udali wotupa ngati walumidwa ndi njuchi.

"Uwu?" adatero akugwira mlomowo. "Ndi moni wa a Nkhwangwa. Anandifunsa chimene ndinaona. Ndinati, 'Bwana, ine ndi mkazi wanga yemwe ndinamuona komaliza zaka zisanu zapitazo, ndipo sindinadandaulepo.' Sanaseke."

"Chabwino, simunaone. Nanga munamva chiyani?"

"Apo mwafunsa ngati munthu wopita kusukulu. Khalani pachitinipo. Nkhope sindiziona, koma nsapato iliyonse yodutsa pano ndimaidziwa ndi mwiniwake yemwe. Telala amavala yachikopa, ndipo kuchidendene chakumanzere ndinakhomako kachitsulo ndi manja angawa. Ndinakamva kakulira, ke, ke, ke, kakubwera molunjika pano pamene pali mizere. Kenaka mabuleki, kenaka phu. Ndinawauza a inshuwalansi zimenezi. Anati khoti silimvera mboni ya makutu."

"Pitirizani."

"Anthu onse anakhamukira kumlatho, pano panangoti zii. Ndiye ndinamva jombo zamphira zikuthamanga, munthu wamwamuna akupumira m'mwamba. Chinthu chinakhwekhwerezedwa paphula mpaka paja pamtengo wa magetsi. Telala anakuwa kamodzi, kukuwa kumene sindikufuna kudzakumvanso, n'kukhala chete. Basi yaikulu inadutsa. Jombo zija zinachoka, n'kubweranso. Ndinamva ngati munthu akuwaza chinthu, kenaka tsache lolimba, kenaka madzi. Ndowa zitatu, ndinawerenga."

"Ndani amavala jombo zamphira kuno?"

"Otsuka magalimoto, omanga nyumba, osesa mumsika, theka la tauni. Ndipo zimenezo sizibwera kwa ine. Zikabooka amangomata ndi moto, anthu ouma manja."

Sajeni adadikira kuti magalimoto aduke, n'kukagwada pamizere. Utoto woyera udali utang'ambika m'malo ambiri. Adalowetsa nsonga ya kiyi mumng'alu wina n'kukanda. Mudatuluka timibulu takuda mofiirira. Adatifikisa pachikhatho, nationetsetsa. Udali utuchi wa matabwa, womwa magazi mpaka kuuma nawo. Magazi a telala adakhetsedwa pamizere ndithu, ndipo wina adawafufuta.

"Utuchi," adalankhula yekha, koma mokweza kuposa mmene adafunira.

Podzuka adaona kuti ogulitsa a m'mbali mwa msewu asiya kuitanira malonda. Onse ankayang'ana kumodzi, kushopu ya kalipentala.

*

Kalipentala adali munthu wochepa thupi, waulemu wopitirira muyeso, pensulo ili kukhutu. Atangoona yunifolomu adasiya kupala thabwa, n'kuyamba kupukuta manja m'mbali mwa buluku.

"Pepani kwambiri, mayi. Lolemba limenelo ndinali kogula matabwa mpaka cha m'ma teni koloko. Wangolo amene anandinyamulira angakuuzeni, pepani."

"Sindinafunse kalikonse, bambo."

"Eya, pepani."

"Utuchi wanu umapita kuti?"

"Ndimangopatsa anthu m'matumba. Oweta nkhuku amatenga. Ena amatenganso."

"Enawo ndani?"

Kalipentala adachotsa pensulo kukhutu, adaiyang'ana, adaibwezera pomwepo. Maso ake adathamangira kukhomo n'kubwerera.

"Mayi, manja awa ndiwo munda wanga. Pepani."

Sajeni sadamuumirize. Potuluka adadziwa kuti mawu amodzi amene adawalankhula pamsewu paja afika kale kutali, pakuti khutu la mumsika liposa wailesi.

*

Lachinayi m'mawa adabwerera kuchipatala. Dokotala amene adadula mwendo wa telala adali munthu wachangu, wosadziwa kuzungulira. Ankalankhula uku akusamba m'manja.

"Banja lija linamva theka la mawu anga," adatero. "Theka linalo ndinalankhula ndi chitseko chosweka. Taonani izi."

Adatsegula thumba la pulasitiki mmene mudali zovala za wovulala, n'kutambasula malaya. Kumbuyo kwake kudali kong'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa.

"Msana wonse unasupuka, malaya atakwinyikira m'khosi. Aliyense akafuna kusuntha munthu wovulala amamugwira m'khwapa. Uyu anamugwira mu akakolo, miyendo yonse iwiri, n'kumukoka chagada. Zaka makumi awiri ndili pantchito, sindinaonepo zotere."

"Nanga theka linalo?"

Dokotala adapisanso m'thumba muja n'kutulutsa chingwe cha nayiloni chabuluu, chouma gwa ndi magazi.

"Ichi tinachidula pantchafu yake. Lole inali itatsegula kale mtsempha waukulu. Popanda chingwe chimenechi, akanatha magazi ambulansi isanafike. Amene anamanga apa amadziwa kumene magazi amatulukira, ndipo manja ake sananjenjemere. Anawononga mwendo, koma anapulumutsa munthu."

Sajeni adatenga chingwecho. Mfundo yake idali yachilendo: yozungulira kawiri, yoti ukamakoka imanka ilimba, ndipo kumapeto kwake kudali kagonga kokolekera. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Mfundo imeneyi adaionapo kwinakwake, osati kamodzi.

Sajeni adamupeza telala pabedi la pawindo, bulangete litaphwa mbali imodzi. Ankasoka batani pamalaya a wodwala mnzake ndi singano yapamanja.

"Bambo, munamuona amene anakukokani?"

"Ndinali nditakomoka."

"Wosoka nsapato akuti munakuwa."

Singano idaima. "Munthu amakuwa ali m'tulo momwe."

"Mukudziwa kuti popanda munthu ameneyo chipukuta misozi chanu chapita? Mawa mayi akasaina pepala lija, basi. Ana atatu, makina mulibe mwendo wowapalasira."

"Asaine. Ndizisoka ndi manja." Telala adaluma ulusi, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. "Mwendo wapita, mayi Sajeni. Musandidulenso china."

Sajeni asadayankhe, foni yake idalira. Adali mkazi wa telala, mawu akudukaduka.

"Mayi, fulumirani. Alamu amva za utuchi. Atenga chikwanje, alowa kwa kalipentala."

*

Pakhomo pa shopuyo padali khamu, koma palibe amene adalowa. Sajeni adadzipanikiza pakati pawo, ndodo yake yachipolisi ili m'manja.

M'katimo matabwa adali mbwee pansi. Kalipentala adali chogwada pafupi ndi tebulo lopalirapo, mphuno itapindikira kumbali, diso limodzi litatsekeka. Mkono wake wamanja udali utatambasulidwa patebulopo, dzanja litamangidwa ndi chingwe chabuluu kuchitsulo chopanira matabwa. Pamwamba pake padaima Nkhwangwa, atavala epuloni yake ndi jombo zamphira, chikwanje chodulira mafupa chikung'anima m'dzanja.

"Bwererani, mayi," adatero osacheuka. "Apolisi mwakanika. Mwini utuchi ndi uyu."

"Pepani, achimwene, pepani, si ine, inu mukudziwa..."

Nkhwangwa adamuwomba ndi mbali ya chikwanje pakhutu. Khutulo lidang'ambika, magazi n'kuyamba kudontha pasimenti. Pamenepo phazi la Nkhwangwa lidachita chinthu mwalokha. Mwiniwake osayang'ana pansi, jombo idakokolola utuchi wa pambali n'kukwirira magaziwo, monga amachitira munthu amene wachita zimenezo tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu.

Sajeni adayenda pang'onopang'ono mpaka patebulo. Adatulutsa chingwe cha kuchipatala chija n'kuchiika pafupi ndi dzanja la kalipentala. Zingwe ziwirizo zidali zamtundu umodzi. Mfundo zake zidali ngati mapasa, ndi kagonga komwe kokolekera nyama pambedza.

"Ndaimba foni kophera ng'ombe ndili m'njira," adatero mosakweza mawu. "Akuti Lolemba lija sanakuonenikoni. Koma zimenezo tizisiye. Tikambe za munthu amene mukumufunayo. Anthu onse amagwira wovulala m'khwapa. Munthu ameneyu anagwira m'miyendo, pakuti pantchito yake chinthu cholemera chikagwa pansi amachikoka choncho. Ataona magazi paphula sanathe kuwasiya. Anathira utuchi, anasesa, anatsuka, monga amatsukira pamalo pake m'mawa uliwonse. Sanadziwe kuti akutsuka umboni."

Chikwanje chidatsika pang'ono.

"Mwina munthuyo anaona basi ikubwera," adatero Nkhwangwa ndi mawu osasa. "Mwina panalibe nthawi yoganiza. Mwina sanafune kuti matayala azipondaponda magazi a mwana wa mayi ake ngati a galu."

"Mwina. Ndipo mwina munthuyo anatuluka dokotala asanamalize kulankhula. Dokotala akuti chingwe ichi ndicho chinapulumutsa moyo. Popanda mfundo iyi, mukanakhala mutaika maliro sabata yatha."

Nkhwangwa adayang'ana chingwecho ngati chikumulankhula.

"China n'chakuti," Sajeni adapitiriza, "mng'ono wanu akumudziwa munthuyo. Anamuona. Ndamufunsa lero m'mawa, ndipo wasankha kutaya chipukuta misozi chonse, ana ake avutike, kusiyana n'kumutchula dzina."

Chifuwa cha Nkhwangwa chidakwera n'kutsika. Adadula chingwe cha padzanja la kalipentala ndi nsonga ya chikwanje, ndipo kalipentalayo adakwawira kuseri kwa matabwa atagwira khutu. Kenaka chimunthu chija chidasinthira chikwanje kudzanja lamanzere, n'kugoneka dzanja lamanja patebulo, zala zitatambasuka.

"Ndinalumbira pamaso pa anthu," adatero, n'kukweza chikwanjecho.

Sajeni adalumpha, namenya mkono wamanzerewo ndi ndodo mwamphamvu zake zonse. Chikwanje chidapatuka, koma chidatsikabe. Chidalowa m'thabwa la tebulo mpaka theka, chitatenga nsonga ya kachala kakang'ono. Magazi adathovoka pathabwa. Mayi wina pakhomo adakuwa n'kuphimba maso.

Nkhwangwa adagwa chogwada pautuchi. Sajeni adatulutsa mpango, adakulunga chalacho, n'kuchifinya mwamphamvu mpaka mwiniwake adabuula.

"Dzanja ili si lanunso nokha," adatero. "Ndikulifuna lisaine. Za nsagwada za dalaivala, mlomo wa wosoka nsapato ndi khutu la bambo awa, mukayankha kukhoti, ndipo sindikunyengererani. Koma muyambe mwandiuza: munamutola pati?"

Chimunthu chimene msewu wonse unkachiopa chidalira ngati mwana, mamina ndi misozi zikutsikira paepuloni.

"Pamzere wachitatu kuchokera kwa wosoka nsapato. Mutu wake unali pamzere weniweniwo. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, 'Achimwene, mwendo.' Ine n'kugwira womwewo."

Sajeni adalemba mawu onse mmene adatulukira. Kalipentala, khutu likuchuchabe, adabwereka thabwa losalala loikapo pepala, ndipo sadaiwale kunena kuti pepani. Siginecha idatuluka yokhotakhota, pambali pake pali chidindo cha magazi.

Lachisanu m'mawa, mkazi wa telala adabweza pepala la inshuwalansi losasainidwa. Pambuyo pake padali loya, atanyamula umboni wolembedwa, chingwe chabuluu ndi kabotolo ka utuchi wakuda.

Munthu amene adachotsa telala pamizere yoyera adali Nkhwangwa, mkulu wake wa bere limodzi.